Mbalame ya Sikusinja ikadayimbabe, koma manotsi ndi chiswe zikuitseka pakamwa

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa dandaulo limene lakhala likumveka m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi kuno ku Kasungu, loti ana a masiku ano sakonda kuwerenga, ati mafoni ndi mavidiyo zidawalanda mtima. Zoona zilimo, sitikana. Koma ambiri mwa odandaulawa sadayesepo kanthu kamodzi kosalira ndalama: kusonkhanitsa ana pakhonde kapena pansi pa mtengo, kutsegula buku lakale la Chichewa, n'kuwawerengera mokweza kwa mphindi 15 zokha. Ayese ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John W. Gwengwe. Akafika pamene mbalame ya m'nkhaniyo yayamba kuyimba, atseke buku n'kunena kuti zotsala mawa. Ana omwe aja akuti sakonda mabuku ndi amene adzamugwire malaya kuti asachoke.

Wina anganene kuti akuluakulu timalitama bukuli chifukwa limatikumbutsa ubwana wathu. Koma mwana wa sitandade 5 ku Chamama kapena ku Santhe sadziwa kuti agogo ake adaliwerengapo, ndipo alibe nazo ntchito. Chimene chimamugwira ndi mamangidwe a nkhaniyo. Msana wake ndi nthano, ndipo nthano idapangidwira khutu. Anthu ake ndi ochepa, mwana sasochera kuti uyu ndani, uja ndani. Choipa chake ndi chimodzi chachikulu, m'bale kupha m'bale wake. Ndiye pali nyambo yeniyeni: womvera amadziwa zimene anthu a m'nkhaniyo sadziwa. Mwana waona zonse zimene zachitika kutchire, pomwe a kumudzi sakudziwa kanthu, ndipo wopalamula akuyenda ngati munthu wabwinobwino. Chinsinsi chimenecho chimamuyabwa mwanayo, amafuna wina aulule. Mbalame ikamayimba, imayimba m'malo mwake. M'nthano zapamoto za mtundu uwu wopalamulayo amaigenda mbalameyo, mwina kuipha kumene, koma imatulukiranso patsogolo ndi nyimbo yomwe ija. Kubwerezaku si ulesi wa wofotokoza. Ulendo woyamba mwana amamvetsera, wachiwiri amang'ung'udza nawo, wachitatu amayimba yekha asadauzidwe, ndipo pamenepo nkhani yasanduka yake.

Chinanso n'chakuti mabuku akalewa sawanamiza ana. Nsanje ya pachibale mwana aliyense amaidziwa, adaiona pogawana chimanga chootcha, pamene wina adalira kuti am'chepetsera. Buku likatenga kansanje komweko n'kukakuza mpaka kufika pa mwazi, mwana amachita mantha koma amazindikira kuti zimenezi n'za anthu enieni. Yerekezani ndi timabuku tambiri tamakono timene timabwera m'masukulu, tamitundu yowala, momwe ana onse ndi aulemu, vuto limatha pa tsamba lachitatu, ndipo kumapeto kuli uthenga woti tizisamba m'manja. Tili ndi ntchito yake pophunzitsa zilembo ndi maphatikizo, sitikutinyoza. Koma palibe mwana amene amakabisala kuseri kwa nkhokwe kuti akawerengenso kachiwiri. N'chikomekome cha mkuyu.

Kwa ana okulirapo, a sitandade 8 ndi a kusekondale, pali Nthondo la Samuel Josiah Nthara. Lidatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pansi pa dzina loti Man of Africa. Young yemweyu ndi amene pambuyo pake, mu 1946, adatulutsa Our African Way of Life mothandizana ndi Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu. Buku la Nthondo lapitirira zaka 90, koma mnyamata wake sakalamba, chifukwa si mnyamata wabwino. Ndi wosamva, wakuba, wovutitsa akuluakulu, wopita kutali kukafuna ntchito, amene pomaliza adzakhala mfumu n'kutembenuka mtima. Achinyamata amamukonda pa zifukwa zomwe zimawakondetsa Kalulu m'nthano. Amaseka akachenjera, amadikira kuti agwidwe, ndipo akagwidwa amamumvera chisoni pang'ono ngakhale akudziwa kuti wadziputira yekha. Tinene mosabisa kuti, m'kuona kwathu, mbali ya kutembenuka mtima ndiyo yozizira kuposa zonse m'bukuli. Nthara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ndipo dzanja la mishoni likuonekera pamenepo. Moyo wa bukuli uli m'machaputala a kupulupudza, a maliro, a milandu ya pabwalo ndi a ulendo. Wowerengera ana adziwe zimenezi kuti asathamangire kumapeto ngati kuti n'kumene kuli nyama.

Ulendo wokafuna ntchito umenewu sufuna kumasulira kwambiri kuno kwathu. Mabanja ambiri ali ndi dzina la agogo amene adapita ku Halale kapena ku Joni, ena n'kubwerako ndi njinga ndi sutikesi, ena n'kusanduka machona. Ulendo wa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ku migodi ya ku Joni, udaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, ndipo m'zaka zomwezo maesiteti a fodya adachuluka m'boma lino, anthu n'kumabwera kuchokera kumwera kudzakhala matenanti. Lero mabasi a ku Joni akudzazabe. Mwana amene bambo ake kapena achimwene ake adachoka zaka zitatu zapitazo, n'kumangotumiza uthenga pa WhatsApp, akamva za munthu wonyamuka pamudzi ndi kaphukusi safunsa kuti zikutanthauzanji.

Tsono ngati mabukuwa ali ndi mphamvu chotere, bwanji ana ambiri amatuluka sukulu akuti Chichewa n'chotopetsa? Wopalamula woyamba ndi manotsi. Buku likangolowa pa mndandanda wa mayeso, monga momwe Nthondo lidalowera pa MSCE, pamsika pamadzaza timapepala tofotokoza mwachidule: ampangankhani ndi awa, malo ndi awa, phunziro ndi ili. Wophunzira amaloweza timapepalato, buku lenilenilo osaligwira, ndipo amakhoza ndithu. Koma wadya gaga, ufa wausiya. Ku pulayimale matenda ake ndi ofanana ngakhale amavala malaya ena. Mphunzitsi asadamalize ndime amafunsa kale kuti, "Tikuphunzirapo chiyani pa nkhaniyi?" Ana amadziwa yankho lake asadamve n'komwe nkhaniyo: tisamachite nsanje, tizimvera makolo. Amayankha mwa nyimbo, ndipo nkhani yafera pomwepo. Agogo pamoto sankafunsa funso limenelo. Ankamaliza nthano, kuuza ana kuti akaphule mbatata, ana n'kuyankha kuti yapserera, basi aliyense kukagona ndi zake mumtima.

Kuwerengera ana ndi luso, ndipo lili ndi ndondomeko yake imene kholo lililonse lodziwa kuwerenga lingaitsate. Wowerenga ayambe wadziwerengera yekha gawo la tsikulo, mokweza, kamodzi. Kuwerenga chamumtima sikukwanira chifukwa lilime limapunthwa pamene diso ladutsa bwinobwino, makamaka m'Chichewa momwe mawu amodzi amasintha tanthauzo malinga ndi kakwezedwe ka liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Ali ndi pensulo m'manja, osati bolopeni, achonge zinthu zitatu: pamene adzaimire, mawu ovuta osapitirira atatu kapena anayi, ndi pamene pali nyimbo kapena kukambirana kwa anthu awiri.

Nthawi ikhale yoyezedwa. Ana a sitandade 1 mpaka 3 mphindi 10 zawakwanira. A sitandade 4 mpaka 6 amapirira mphindi 15 kapena 20. A sitandade 7 ndi 8 angafike 30 ngati nkhani yatentha. Liwiro labwino powerengera gulu ndi mawu pafupifupi 100 pa mphindi, kutanthauza kuti mphindi 15 zimadya mawu pafupifupi 1,500. Kuti mudziwe kuti ndi masamba angati m'buku lanu, werengani mawu a mumzere umodzi wodzaza, muchulukitse ndi chiwerengero cha mizere ya patsambalo. M'timabuku tating'onoting'ono takale zimakonda kugwera pa masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. Motero buku la masamba 60 limatha m'masiku 10 kapena 12, ndiye kuti milungu iwiri ndi kanthu ngati mukuwerenga masiku a sukulu okha. Musalikoke mpaka teremu yonse. Mwana amene wamva gawo limodzi Lolemba sangasunge moto wake mpaka Lolemba linalo.

Poimira ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaima kumapeto kwa chaputala chifukwa pali mpata woyera. Koma kumapeto kwa chaputala nthawi zambiri nkhani imakhala yapuma kale, ana alibe chodikira. Imani chinthu chili pafupi kuchitika, munthu watukula dzanja, wina wagogoda pakhomo, mbalame yatera pa nthambi. Mawa lake musayambe ndi kufotokoza nokha za dzulo. Funsani kuti, "Tidasiyira pati?" ndipo muwasiye akanganirane okha kwa mphindi ziwiri. Pamenepo mudzadziwa amene adamva, amene adasochera, komanso mawu amene sadawamvetse.

Poyambira penipeni, tsegulani makutu awo ndi njira yomwe adaizolowera. Ndagi ziwiri zokha, "Ndagi!" iwo "Gize!", kenaka "Padangokhala," iwo "Tili tonse." Ena amaona ngati zimenezi n'zachibwana pa buku losindikizidwa, koma "tili tonse" ndi chingwe chimene wowerenga amakokera gulu. Likayamba kumveka lofooka, dziwani kuti mwathamanga kapena mwatalikitsa. M'kalasi la ana 80 kapena 100, monga ambiri akhalira chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, wowerenga asaime ku bolodi. Aime pakati kapena aziyenda pang'onopang'ono m'mbali, buku lili m'munsi mwa chibwano kuti mawu asamathere m'mapepala. Pamalo oopsa atsitse mawu m'malo mokweza. Ana amakhala chete kuti amve kunong'ona, pomwe kukuwa amakuyankha ndi phokoso lawo.

Nyimbo isawerengedwe ngati ndime wamba. Buku limapereka mawu okha, mayimbidwe ake mulibe, ndiye wowerenga wamanyazi amangoidutsa mothamanga, osadziwa kuti wadumpha mtima wa nkhani. Funsani amayi achikulire m'mudzimo, kawirikawiri pamapezeka wina woidziwa kapena wodziwa ina yofanana nayo. Akasowa, ipekereni mayimbidwe anuanu, mzere woyamba wotsogolera, wachiwiri wovomera, ndi kuwomba m'manja. Chofunika n'chakuti mayimbidwewo asasinthe kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, apo ayi ana adzakudzudzulani, ndipo adzakhala akulondola.

Mafunso abwino ndi amene alibe yankho limodzi. Ukadakhala iwe uli panjirapo, ukadatani? Mayi wa abale awiri aja a m'buku la Gwengwe amve bwanji, poti wophedwa ndi wake, wakupha ndi wakenso? Kodi mudzi udaweruza bwino? Mafunso otere amabala mkangano, ndipo mkangano umabwezera mwana ku buku kuti akapeze umboni. Pomwepo ndi poyenera kukambirana zimene m'mabuku akale sizikutikomeranso lero, monga kukwapula ana kapena mmene amayi amayankhulidwira m'nkhani zina. Musadumphe masamba amenewo. Werengani, kenaka mufunse ngati kwawo zimachitikabe komanso ngati n'zoyenera. Atsikana a sitandade 7 amakhala ndi zonena zambiri pamenepa kuposa momwe akuluakulu amaganizira.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka chabwino koma chimapha nkhani: kupatsirana buku kuti mwana aliyense awerenge ndime imodzi mokweza, ulendo woyamba womwe. Wosadziwa bwino amajejema, anzake amaseka, wodziwa amakhala akuwerengera ndime kuti apeze yake n'kumaikonzekera osamvera za ena. Pofika kumapeto palibe amene wamva nkhani. Ulendo woyamba awerenge wodziwa, kaya ndi mphunzitsi, kholo, kapena mwana wa sekondale amene ali pa holide. Buku likatha, m'pamene mulipereke m'manja mwa ana, atatu pa buku limodzi, wapakati agwire, wa kumanja atsegule masamba, wa kumanzere alondole ndi chala. Popeza nkhani akuidziwa kale, mawu ovuta amawalota mosavuta, ndipo mwana amene amalephera buku la m'kalasi amadzidabwa yekha atamaliza tsamba. Ndipo kuwerenga kusakhale chilango. Wochedwa kusukulu mukamupatsa buku kuti akhale nalo pakona, mwamuphunzitsa kuti buku ndi m'bale wake wa khasu la chibalo.

Makope akale kwenikweni ali ndi msampha wa kalembedwe. Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe adatuluka mu 1973 n'kudzakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Mabuku osindikizidwa izi zisadachitike amalemba "cabwino" pamene ife timalemba "chabwino", "nchito" m'malo mwa "ntchito", "bvuto" m'malo mwa "vuto". Mwana akaona "citsime" amaima, mwina n'kutchula ngati "sitsime" potengera Chingerezi. Mankhwala ake ndi a mphindi zisanu. Lembani pa bolodi kapena pansi mawu asanu m'kalembedwe kakale, pambali pake kalembedwe ka lero, ndipo muwauze kuti "c" yekhayo amatchulidwa "ch". Muwachenjezenso kuti pa mayeso alembe za lero. Musakonze m'bukumo ndi bolopeni, inki imalowerera kuseri kwa pepala lakale n'kuwononga masamba awiri nthawi imodzi.

Ndalama ndi mitunda nazo zimafuna kamawu. Kwacha idayamba mu 1971, paundi imodzi n'kusinthidwa ndi K2. Kale mapeni 12 ankapanga shilingi, mashilingi 20 n'kupanga paundi, ndipo tiki idali mapeni atatu. Kungosandutsa ziwerengerozi kukhala makwacha a lero n'kusocheretsa ana, chifukwa adzaseka kuti munthu adavutikira K2. Afunseni agogo kuti shilingi inkagula chiyani, ana akabwere ndi mayankho. Mailosi imodzi ndi kilomita imodzi ndi theka n'kanthu. Kuchoka pa Kasungu boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo woyenda pansi makilomita 30 pa tsiku angagone panjira masiku anayi. Mwana akamva zimenezo, mawu oti "adayenda ulendo wapansi" amalemera. Mawu ngati mphala, gowero, nyanda, chipanda ndi thangata musawamasulire onse pakati pa nkhani. Sankhani atatu aja mudachonga, muwafotokoze musadayambe, otsalawo nkhani idzawanyamula yokha.

Nyengo nayo muiganizire. Kuno kwathu kuyambira February mpaka April manja onse ali ku fodya, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, ndipo madzulo ana amakhala atatheratu. Gulu lowerenga la pamudzi limayenda bwino kuyambira May mpaka August, zokolola zitalowa, anthu akukhala pamoto chifukwa cha chisanu. Nyali ikhale ya sola kapena tochi. Koloboyi amadetsa masamba ndi mwaye, ndipo parafini akadonthera pa pepala sachokanso.

Wopalamula wachiwiri ndi chiswe ndi abale ake. Makope ambiri a mabuku amenewa sadathe chifukwa chowerengedwa, adathera m'makatoni. Katoni yoikidwa pansi, yotsamira khoma la njerwa, m'chipinda chotsekedwa kuyambira December mpaka March, ndi chakudya chokonzeratu. Chiswe chimalowa pansi, chimadya m'kati n'kusiya chikuto chili bwinobwino, moti wotsegula amapeza dothi. Mabuku akhale m'bokosi lachitsulo kapena pa shelefu, pamwamba pa njerwa zosachepera ziwiri, ndipo pakati pa shelefu ndi khoma pakhale mpata wolowa dzanja kuti njira ya chiswe ioneke ikangoyamba. Kamodzi pa mwezi wina atulutse onse, awakunthe, asese pansi ndi kuseri. Musawamangire m'jumbo m'nyengo ya mvula. Pulasitiki amatsekera chinyezi m'kati ndipo nkhungu imamera m'milungu yochepa. Buku likanyowa musaliyanike padzuwa, limapindika n'kuuma ngati chikopa. Liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, muike mapepala oyera ouma pakati pa masamba 10 alionse, muziwasintha akanyowa, ndipo likatsala pang'ono kuuma mulitsendereze ndi thabwa ndi njerwa usiku wonse.

Buku lothothoka limasokeka, ndipo zida zake zili m'nyumba iliyonse. Choyamba onani mamangidwe ake. Timabuku topyapyala tambiri tidapindidwa pakati n'kumangidwa ndi timawaya tiwiri. Timawayato timachita dzimbiri, dzimbiri limadya pepala, masamba apakati n'kuyamba kugwa. Tiwongoleni ndi nsonga ya mpeni, mutichotse. Tsegulani buku pakati penipeni, mubowole mabowo atatu mumpindiro ndi singano yaikulu, limodzi pakati, ena awiri masentimita atatu kuchokera kumwamba ndi kumunsi. Dulani ulusi wolimba, wonga wosokera nsapato, wotalika kuwirikiza katatu msinkhu wa bukulo. Lowetsani pa bowo lapakati kuchokera m'kati, musiye kamchira, mubwerere m'kati pa bowo lakumwamba, mudumphe lapakati n'kutulukira pa lakumunsi, kenaka mulowenso pa lapakati kuchokera kunja. Nsonga ziwirizo zikhale uku ndi uku kwa ulusi wautali uja, muzimange mfundo iwiri pamwamba pake. Kokani molimba koma mosapitirira, chifukwa ulusi wa nayiloni umacheka pepala lakale ngati lumo.

Buku lokhuthala limene masamba ake adangomatidwa kumsana limafuna njira ina. Sanjani masamba motsata manambala, muwagogode pathebulo kuti alingane, muwapane pakati pa timatabwa tiwiri n'kusiya sentimita imodzi ya kumsana ili poyera. Bowolani mabowo asanu ndi msomali wowonda, motalikirana mofanana, pafupifupi theka la sentimita kapena kupitirirapo pang'ono kuchokera m'mphepete. Onetsetsani kaye kuti mabowo sakudya zilembo. Sokani cholowa ndi chotuluka kutsika, mubwerere chokwera podutsa mabowo omwewo, mumange. Kenaka pakani guluu woyera wa akalipentala kumsana, mopyapyala, mumate kansalu ka chitenje chakale kotambalala masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi kuti kagwire chikuto cha kutsogolo ndi cha kumbuyo. Litsenderezeni tsiku lathunthu. Buku losokedwa chotere silitseguka kwathunthu ngati kale, koma lipirira manja a ana kwa zaka.

Zinthu ziwiri muzipewe ngakhale zili pafupi. Phala la ufa kapena la chinangwa limamata ndithu, koma ndi chakudya, mphemvu ndi makoswe zidzabwera kudzadya msana wa buku. Selotepi imagwira miyezi yochepa, kenaka imauma n'kugwa, kusiya banga lachikasu lomata limene limabisa zilembo. Tsamba long'ambika limatidwe ndi kachidutswa kowonda ka pepala loyera ndi kadontho ka guluu, m'mphepete momwe mulibe zolemba. Tsamba losowa likopedwe pamanja kuchokera ku kope lina, ndipo ntchito imeneyi ipatsidwe kwa mwana wolemba bwino, alembe dzina lake pansi. Adzalisamala bukulo kuposa wina aliyense.

Mantha a kutayika ndi amene amatsekeretsa mabuku m'maofesi. Woyang'anira amaopa kuti akadzabwera owerengera katundu adzapezeka ndi mlandu, ndiye amasankha kuti mabuku akhale osakhudzidwa. Komatu buku limene chiswe chadya latayikanso, kungoti palibe wolembedwa dzina. Kabuku kamodzi ka mizere kakwanira: tsiku, nambala ya buku, dzina la mwana, mudzi wake, tsiku lobweza. Kope lililonse lilembedwe nambala m'kati mwa chikuto komanso pa tsamba lina lam'kati, chifukwa chikuto ndicho chimayamba kuchoka. Masiku obwereka akhale 7, osapitirira, ndipo tsiku lobweza likhale limodzi lodziwika, monga Lachisanu. Wotaya buku asalipitsidwe ndalama zimene kholo lake lilibe, chifukwa mawa palibe adzabwerekenso. Asoke mabuku atatu othothoka, mlandu uthe. Pa makope 20, kutaya limodzi kapena awiri pa chaka ndi mtengo woyenera kuulandira.

Pempho lathu lipite kwa osindikiza mabuku ndi eni ake a zolembazi. Kholo lofuna kugulira mwana wake buku la nkhani la Chichewa pa Kasungu boma, pa Nkhamenya kapena pa Mtunthama limapeza mabuku a mayeso ndi manotsi, za nkhani zosowa. Tikupempha makope otsika mtengo, a zilembo zazikulu, m'kalembedwe ka lero koma mawu a mlembi osawasintha, osokedwa ndi ulusi osati timawaya, ndipo kumapeto kwake kusakhale mafunso a mayeso. Kufotokopa buku lonse popanda chilolezo n'kulakwira lamulo komanso kubera banja la mlembi, koma anthu adzapitiriza kutero malinga ngati logula palibe. A National Library Service, amene ntchito yawo ndi yofikitsa mabuku kwa anthu, aganizire mabokosi oyenda a makope 20 kapena 30 a buku limodzi, ozungulira masukulu a zoni imodzi, mwezi umodzi pa sukulu iliyonse, m'malo mwa mabuku 30 osiyanasiyana amene kalasi silingawerengere limodzi. Ku Kasungu Teachers Training College ophunzira uphunzitsi ayesedwe kuwerenga mokweza pamaso pa ana enieni, ndi nyimbo yomwe, asadapatsidwe kalasi. Mawailesi a m'madera, monga Mudzi Wathu ya ku Mchinji, atagwirizana ndi eni mabuku kudzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, angathe kupatula mphindi 15 madzulo alionse, wowerenga mmodzi wa mawu abwino, buku limodzi mpaka lithe.

Amene ali ndi kope lakale m'sutikesi, pansi pa zovala za tchalitchi, alitulutse sabata ino, aone ngati timawaya tachita dzimbiri, awerenge manambala a masamba kuti adziwe osowa, ndipo afunse kwa anansi ngati pali wina ali ndi kope lina loti akopereko.

Aphunzitsi opuma ndi osamala mabuku,
Kasungu